Mwaika quick attach pa loda, koma baketi ikukana kulowa, ikugwedera kapena ikugwa: poyambira kufufuza

Baketi ikamagwa pa loda sichenjeza. Ya pa famu ina ya ng'ombe zamkaka kumene ndinaitanidwa mwezi wa Okutobala inagwa cham'mawa, dalaivala atakweza manyowa kuti akhuthulire mu ngolo. Mbali yakumanzere inasomphoka, yakumanja n'kugwirabe, baketi n'kulendewera cham'mbali ngati chitseko chothyoka hinjesi. Mwayi wake panalibe munthu pansi. Nditafika ndinapeza kapitawo akulumbira kuti mahandulo onse awiri otsekera baketi anali otsitsa, ndipo sankanama, analidi otsitsa. Koma nditagwada n'kusuzumira kunsi, bowo lakumanzere linali lodzaza ndowe youma gwa, yolimba ngati njerwa. Pini inangofika pa ndoweyo n'kuima, sipuling'i n'kufinyika, handulo n'kutsika bwinobwino ngati zonse zatheka.

Loda imeneyo inali itangosinthidwa kumene kuchoka pa mapini anayi akale aja kupita pa quick attach, felemu imene imakola ndi kumasula baketi kapena mafoloko ndi mahandulo basi. Aliyense amene anachotsapo baketi ya mapini akudziwa chifukwa chake anthu amasintha. Umafuna anthu awiri, hamala, chitsulo chokhomera, girisi mpaka m'zigongono, ndipo pobwezera mabowo safuna kuyang'anana. Mapeto ake mafoloko amangokhala pansi pa mtengo chaka chonse, matumba a feteleza n'kumatsitsidwa pamutu chifukwa palibe amene akufuna kulimbana ndi mapini. Quick attach imathetsadi zimenezi. Koma ndaona ntchito zosintha zambiri zimene zabwerera kwa wowotcherera kawiri katatu, ndipo nthawi zambiri anthu amathamangira hamala ndi gilayinda asanadziwe chimene chavuta.

Yambani mwafunsa ngati loda ndi baketi ndi za mtundu umodzi

Mawu akuti "universal" amene ogulitsa amakonda kulemba asakupusitseni. Pa mathirakitala pali mitundu ikuluikulu iwiri ya quick attach, ndipo sikwatirana ngakhale pang'ono.

Woyamba ndi wa skid steer, dzina la maloda ang'onoang'ono oyenda pa matayala awoawo. Unayamba ndi kampani ya Bobcat ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, iwo ankautcha Bob-Tach, kenako makampani ena anautengera mpaka unalembedwa ngati muyezo, SAE J2513 ndi ISO 24410. Mudzauzindikira ndi puleti yafulati kumbuyo kwa baketi, yotambalala pafupifupi mainchesi 45, yokhala ndi mlomo wopindikira pansi kumwamba kwake ndi mabowo kunsi. Ku loda kumakhala mahandulo awiri, ndipo iliyonse imatsitsa pini yosongoka mopendekera ngati tchizulo.

Wachiwiri ndi wa Euro, ena amati Global, muyezo wake ndi ISO 23206. Uwu baketi imakhala ndi ngowe ziwiri kumwamba zimene zimakola pa chitsulo chozungulira cha 40 mm, ndipo kunsi kuli makutu awiri obowola mmene mapini amalowa cham'mbali, onse pa handulo imodzi. Maloda a Quicke a ku Sweden ndi ambiri ochokera ku Ulaya amabwera ndi umenewu, choncho thirakitala yakale yogulidwa ku UK kawirikawiri imakhala ya Euro.

Palinso ina: John Deere ali ndi wawo wa ngowe ndi pini pa maloda ang'onoang'ono, a MX a ku France ali ndi wawo, ndipo timakina tating'ono ta mini skid steer tili ndi puleti yofanana maonekedwe ndi yaikulu ija koma yocheperapo. Pa chithunzi cha pa WhatsApp simungasiyanitse. Kuno kwathu kumene loda imachokera ku England, mafoloko ku Johannesburg, baketi m'kontena ya ku China, musatumize ndalama musanauze wogulitsayo kuti aike tepi pa puletiyo n'kujambula manambala akuoneka.

Ndikafunsidwa kuti tisankhe uti, ndimayankha kuti yang'anani zida zimene muli nazo kale ndi zimene anzanu oyandikana nawo ali nazo, chifukwa tsiku lina mudzabwerekana. Ngati palibe chokumangani, thirakitala yaikulu yonyamula mabelo ndi manyowa ndimaikonda pa Euro poti dalaivala amaziona ngowe zikukola ali pampando. Yaing'ono, skid steer.

Mapini akukana kutsika

Ili ndiye dandaulo la tsiku ndi tsiku, ndipo pafupifupi nthawi zonse gwero lake lili kumwamba, osati kunsi kumene mukumenyako. Pini imapeza bowo pokhapokha felemu ya loda italowa mpaka kumapeto m'kati mwa mlomo wapamwamba uja, ndipo nkhope ziwirizi zagundana popanda mpata. Kamwala kamodzi, dothi louma, kapena kadontho ka zowotcherera kotsalira m'kati mwa mlomowo kamakweza puleti yonse ndi mamilimita ochepa, ndipo kunsi mabowo amaphonyana. Tsitsani chidacho, tengani sikuludiraiva yaikulu ndi bulashi ya waya, palani mlomo wonse ndi mabowo onse. Kenako kolaninso, kwezani pang'ono kuti baketi ichoke pansi, ipindireni kumbuyo mpaka kumapeto kuti kulemera kwake kuikhazike pa felemu, ndiye yesani mahandulo. Ambiri amayesa kutseka baketi ikadali pansi, pamalo okwera mbali imodzi. Sizitheka.

Zikakanabe, chotsani chida n'kuyesa mahandulo opanda kanthu. Ngati akulimba ngakhale popanda baketi, vuto ndi dzimbiri ndi fumbi m'njira ya pini. Manipo a girisi a pamenepa amaiwalika chifukwa ali kunsi, kumatope. Masulani, tsukani ndi dizilo, yang'anani ngati pini sinapindike poigubuduza pa tebulo lafulati, pakani girisi, bwezerani. Sipuling'i yothyoka musailumikize ndi waya, gulani ina.

Ngati mahandulo akuyenda bwino okha koma akukana pa chida chimodzi chokha, pamene zina zonse zikulowa, wolakwa ndi puleti ya chidacho. Pakani choko kapena girisi kunsonga kwa pini, tsitsani handulo mpaka pamene yakanira, kwezani, chotsani chida, muone pamene pasiyidwa chizindikiro. Chikakhala m'mphepete mwenimweni mwa bowo, mutha kupala pang'ono ndi fayilo. Chikakhala kutali, puletiyo yapindika, kawirikawiri chifukwa cha moto wowotcherera, ndipo ikani rula yachitsulo yaitali pankhope pake muone uta umene wapangika. Chimene ndikukupemphani n'chakuti musapale pini. Kupendekera kwa nsonga yake ndi kumene kumakokera baketi pa felemu. Mukaisongola kuti ilowe pa chida chokhota chimodzi, zida zina zonse zabwino ziyamba kugwedera.

Pa Euro pali kena kowonjezera. Maloda ambiri amadzitseka okha: mumakoka handulo n'kuikoleka potsegula, ndipo mukapindira baketi kumbuyo mpaka kumapeto kachitsulo kamagunda mkono wa loda n'kumasula mapini. Ngati felemu munaiwotcherera pa ngodya yolakwika, kachitsuloko sikafika pogunda, ndipo dalaivala wozolowera loda ina amangonyamuka poganiza kuti yatseka. Fufuzani zimenezi tsiku loyamba lomwelo.

Mbali imodzi ikutsogola

Mukachotsa baketi n'kuona kuti felemu yakumanzere yaweramira kutsogolo kuposa yakumanja, musathamangire kunena kuti silinda yafa. Masilinda awiri opinda baketi amamwa mafuta pa paipi imodzi, ndiye imene ili yopepukirapo imayamba kuyenda. Kale baketi yeniyeniyo ndi imene inkawagwirizanitsa. Tsopano ntchito imeneyo yatsalira chitsulo chopingasa cholumikiza mbali ziwirizo, ndipo pa maadaputala otchipa, mafelemu a quick attach ogula opangidwa kale, chimakhala chowonda. Pindirani kumbuyo mpaka zonse zigunde poimira, gwirani joyisitiki pamenepo kamphindi, ziyenera kufanana. Zikapanda kufanana, chitsulocho chapotoka, ndipo chimene chimachipotola ndi kugwira ntchito pini imodzi yokha italowa. Pa famu ija chinali chitapotoka ngati chingwe cha khonje. Tinachidula n'kuika paipi yochindikala.

Baketi sikupindira mokwanira, kapena sikukhuthula zonse

Apa ndi pamene ntchito zambiri zosintha zimafera, ndipo kukonza kwake n'kowawa chifukwa kumafuna kudula zimene munawotcherera kale.

Pa baketi yakale ija, fakitale inaika makutu a mapini pamalo owerengedwa bwino. Mtunda wa pakati pa pini ya mkono ndi pini ya silinda, komanso mmene mabowo awiriwo apendekera poyerekeza ndi pansi pa baketi, ndi zimene zimalamula kuti baketi ipindire kumbuyo mpaka pati ndipo ikhuthule mpaka pati. Silinda ili ndi ulendo wake umodzi, suwonjezereka. Mukapendeketsa felemu yatsopano kutsogolo, mumapeza kukhuthula kwambiri koma mchenga umatayikira m'njira chifukwa baketi sikupindira. Mukaipendeketsa kumbuyo, imanyamula bwino koma manyowa onyowa amakanirira m'kati, dalaivala n'kumagwedeza joyisitiki ngati akupeta. Mukatalikitsa mtunda wa mapini awiriwo, mphamvu yozulira imakula koma ulendo wa baketi umafupika mbali zonse. Mukaufupikitsa, baketi imazungulira kwambiri koma imafooka, ndipo choopsa n'chakuti pokhuthula ndodo ya silinda imatha kugunda mkono wa loda kapena kupitirira mzere wake n'kupindika. 

Kulakwitsa kumene ndimakuona kawirikawiri ndi kuganiza kuti kumbuyo kwa baketi kumaima chilili. Wowotcherera amaika felemu pa sikweya, makutu n'kuwamata mowongoka, ntchito n'kuoneka yaudongo. Koma puleti ya skid steer pa baketi imakhala yopendekera, ndipo makutu a baketi yakale nawonso anali ndi kupendekera kwawo. Poyezera penipeni ndi pansi pa baketi, osati kumbuyo kwake.

Ine ndimachita chonchi. Baketi yakale isanachoke, ndimaima pa simenti yafulati, ndimapindira kumbuyo mpaka kumapeto n'kuyeza ngodya ya pansi pa baketi. Mafoni ambiri amakono ali ndi pulogalamu yoyezera kupendekera, imakwanira. Kenako ndimakweza mpaka pamwamba, kukhuthula mpaka kumapeto, kuyezanso, nditaima pambali osati kunsi kwake. Manambala awiriwo ndimawalemba ndi choko pa mkono wa loda. Ndikatero ndimadula katoni molondola mawonekedwe a khutu limodzi, mabowo ake onse awiri, ndi mzere wosonyeza pansi pa baketi. Njira yosavuta kwambiri ndi kudula makutu akalewo bwinobwino n'kuwasamutsira pa felemu yatsopano, poti mabushi ndi mabowo ake ndi olondola kale.

Powotcherera, yambani ndi timadontho togwirizira chabe. Ikani pa loda, kolani baketi yopanda kanthu, yendetsani pang'onopang'ono injini isakuthamanga, kuchoka kumapeto kufika kumapeto, loda ili pansi komanso ili pamwamba, wina ataima patali akuyang'ana masilinda ndi mapaipi. Manambala a choko aja akabwerera, kapena akaphonya pang'ono, ndiye wotchererani zenizeni. Ngati simungapeze onse awiri, ine ndimalolera kutaya pang'ono kukhuthula kusiyana ndi kupindira, makamaka ngati mudzagwiritsa mafoloko, chifukwa mafoloko osadzuka nsonga amatsetsereza paleti yonse pansi mukamatsika chitunda.

Za moto: lowetsani chitsulo chozungulira chachitali chowongoka m'mabowo a mbali zonse ziwiri kuti makutu asathawane, ndipo wotchererani pang'ono uku, pang'ono uko, kusiya kuti pazizire. Mzere umodzi wautali wopanda kupuma umakoka puleti ya 6 mm n'kuipinda ngati chipapa. Pa baketi yogwira ntchito yolemetsa ndimafuna puleti ya 8 kapena 10 mm. Marodi akhale 7018 ouma bwino. Ndikudziwa kuti 6013 ndi amene ali paliponse ndipo amayaka mosavuta pa makina ang'onoang'ono, koma amenewo asiyireni mageti ndi mafelemu a mawindo. Ngati mukuwotcherera felemu ili pa thirakitala, chotsani batire, ndipo waya wa efi mumange pa chitsulo chimene mukuwotchereracho, kuti moto usadutse m'mapini ndi m'masilinda. Ndodo zonyezimira za masilinda zikutireni ndi chiguduli chonyowa. Kadontho kamodzi kakamatirira pamenepo kamadya silo yotsekera mafuta mpaka mafuta ayambe kudontha.

Mukamaliza, kandodo kosonyeza kuti baketi yagona fulati kamakhala katasokonekera. Kakonzeni pa simenti pomwepo, apo ayi dalaivala azikumba bwalo osadziwa.

Loda yafooka

Anthu amadabwa kuti loda imene inkanyamula paleti ina yake tsopano ikungolira. Pampu ilibe mlandu. Adaputala ili ndi kulemera kwake, ndipo imakankhira katundu kutsogolo. N'chifukwa chake m'mabuku a maloda amalemba manambala awiri, mphamvu ya pa pini penipeni ndi mphamvu ya pa 500 mm kapena 800 mm kutsogolo kwake, ndipo yachiwiriyo imakhala yotsika nthawi zonse. Tiyerekeze kuti kuchokera pamene mkono wamangidwa pa thirakitala kufika pakati pa katundu panali mamita 2.5, ndipo loda inkakweza makilogalamu 800. Adaputala ikawonjezera masentimita 15, mphamvu imatsikira cha m'ma 755. Chotsaniponso makilogalamu 50 a adaputalayo, mwatsala ndi 705 basi. Matumba awiri a feteleza apita.

Zimaipiraipira mukasanjikiza: felemu ya Euro pa loda, pamwamba pake adaputala yopita ku skid steer, kenako mafoloko. Ngati zida zanu ndi ziwiri kapena zitatu, ndi bwino kudula kumbuyo kwa chilichonse n'kuwotcherera ngowe kapena puleti yoyenera kusiyana ndi kuyenda ndi adaputala pa adaputala.

Musalole munthu akuuzeni kuti amange valavu ya presha kuti mphamvu ibwerere. Mudzaphulitsa paipi kapena kuthyola ekiselo yakutsogolo. Chofunika ndi kulemera kumbuyo: chida cholemera pa three-point (mikono itatu yokolekapo zida kumbuyo kwa thirakitala), diramu yothiramo konkire, kapena madzi m'matayala akumbuyo. Mukamva kumbuyo kukupepuka potsika kapena chiwongolero chikulimba kwambiri, katundu wachuluka. Pomperaninso matayala akutsogolo molingana ndi buku lake.

Kugwedera

Gwedegwede amachokera malo awiri, ndipo muyenera kuwasiyanitsa. Wina agwedeze joyisitiki pang'ono baketi itatsamira pansi, inu mukuyang'ana muli pambali. Ngati kusewera kuli pakati pa felemu ndi puleti ya chida, wotchererani kachitsulo kopyapyala pa puleti ya chidacho pamene pini imatsamira, mpaka handulo izitsika ndi mphamvu pang'ono. Ngati kuli pa mapini a mkono, yezani ndi venya, choyezera kunenepa kwa chitsulo, osati tepi. Pini ya 25 mm m'bowo la inchi imodzi, lomwe ndi 25.4 mm, imalowa mosangalatsa tsiku loyamba, kenako imakumba bowolo mpaka likhale ngati dzira. Chimodzimodzi inchi ndi kota, 31.75 mm, ndi 32 mm. Mpata wa m'mbali tsekani ndi mawashala. Ndipo bawuti wamba si pini, ngakhale italowa bwanji.

Mapaipi a haidiroliki akukana kulumikizika

Izi zimakhudza amene awonjezera chida chokhala ndi silinda yakeyake, monga chofumbatira zinyalala ndi mitengo. Choyamba onani ngati makapula, zolumikizira za kumapeto kwa mapaipi, ndi a mtundu umodzi. Zida za skid steer zimabwera ndi a nkhope yafulati, ISO 16028, pamene mathirakitala ambiri ali ndi aja okhala ndi kansonga kapena kampira pakati. Sankhani mtundu umodzi pa famu yonse.

Ngati ndi ofanana koma akukankhana, muli presha yotsekeredwa. Ku thirakitala: tsitsani zonse pansi, zimitsani injini, yendetsani joyisitiki mbali zonse kangapo. Ngati njira yachitatu, ya mafuta opita ku chidacho, ndi yamagetsi, tsegulani kiyi osaliza injini, dinani batani lake uku mukuyendetsa joyisitiki. Ku chida: chimene munachimasula m'mawa kukuzizira n'kuchisiya padzuwa la Okutobala, pofika masana mafuta a m'mapaipi afufuma ndipo kapula yauma ngati mwala. Musaimenye ndi hamala. Kutirani chiguduli chochindikala pa nati ya kumbuyo kwa kapula, masulani pang'onopang'ono ndi masipanala awiri nkhope mutayang'ana kumbali, padonthe timadontho, mangani. Dzanja lisakhale pamene mafuta akutulukira. Presha ya thirakitala imafika cha m'ma 200 bar, ndipo mafuta otero akaboola khungu kabala kamaoneka kakang'ono ngati kobayidwa ndi minga, koma ndi nkhani yothamangira kuchipatala nthawi yomweyo, n'kuwauza adokotala kuti alowa ndi mafuta a haidiroliki. Kuti zisabwerezeke, pomasula chida lumikizani mapaipi ake awiri pamodzi, yaimuna m'yaikazi, ndipo chisiyeni pamthunzi.

Kuyesa musanakweze

Pa famu ija, titawongola zonse, ndinapaka penti yofiira kunsonga kwa mapini onse awiri, ndipo ndinamuuza dalaivalayo kuti: achimwene, handulo musamaikhulupirire, muzitsika muone chofiira chatulukira kunsi mbali zonse ziwiri. Akatero akwere, aweramitse baketi kutsogolo, akanikize mlomo wake pansi mpaka matayala akutsogolo apepuke pang'ono, abwerere m'mbuyo pang'ono chikanikizire. Ngati pini ina sinalowe, baketi imasomphokera pomwepo, pansi, pamene singapweteke munthu. Kasikuludiraiva kakale kopalira ndowe m'mabowo tinakamangirira ndi waya pa mkono wa loda, pafupi ndi handulo yakumanzere.